Kadyedwe ka banja lokhala ndi wodwala matenda a shuga

Kadyedwe ka banja lokhala ndi wodwala matenda a shuga ndi ndondomeko ya kagulidwe, kaphikidwe ndi kagawidwe ka chakudya imene banja limatsatira pamene mmodzi wa anthu a m'nyumbamo, makamaka mwamuna kapena mkazi wake, wapezeka ndi matenda a shuga. Cholinga chake ndi kuthandiza kuti shuga wa m'magazi a wodwalayo asakwere kapena kutsika mopitirira muyeso, kuchepetsa chiopsezo cha matenda a mtima, impso, maso ndi mitsempha, komanso kuteteza ena a m'banjamo kuti asadzadwale matendawa. Kusintha kadyedwe ndi mbali imodzi chabe ya chithandizo. Mbali zina ndi mankhwala, ntchito kapena masewera olimbitsa thupi, ndi kukayezetsa kuchipatala pa masiku amene adokotala anena.

Malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, chiwerengero cha anthu odwala matenda a shuga chinakwera kuchoka pa 200 miliyoni mu 1990 kufika pa 830 miliyoni mu 2022. Ku Malawi, kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti anthu pafupifupi 6 mwa 100 aliwonse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 anali ndi matendawa, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Popeza m'mabanja ambiri a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique anthu onse amadya nsima ya mumphika umodzi, kusintha chakudya cha munthu mmodzi kumakhudza nyumba yonse.

Mmene chakudya chimakhudzira shuga wa m'magazi

Munthu akadya nsima, mpunga, buledi, mbatata kapena chinangwa, thupi limagaya sitachi wa m'zakudyazi n'kumusandutsa shuga wotchedwa gulukosi, yemwe amalowa m'magazi. Kapamba amatulutsa insulini, imene imathandiza kuti shugayo achoke m'magazi n'kulowa m'minofu ndi m'chiwindi, komwe amagwira ntchito yopatsa mphamvu kapena kusungidwa. Matenda a shuga amayamba pamene insuliniyo ikusowa kapena pamene thupi silikuimvera bwino.

Pali mitundu ikuluikulu itatu ya matendawa. Mtundu woyamba umayamba chifukwa chitetezo cha m'thupi chawononga tizigawo ta kapamba totulutsa insulini. Umakonda kuyamba munthu ali mwana kapena wachinyamata, ndipo wodwalayo amafunika jekeseni wa insulini tsiku lililonse. Mtundu wachiwiri ndi umene uli ndi anthu oposa 90 mwa odwala 100 aliwonse. Umakonda kugwira akuluakulu ndipo umayenderana ndi kunenepa, kukhala osagwira ntchito ya manja, ukalamba ndiponso kubadwa kumtundu kumene kuli matendawa. Mtundu wachitatu umabwera pa nthawi imene mayi ali woyembekezera. Nthawi zambiri umatha akabereka, koma mayiyo amakhalabe pa chiopsezo chodzadwala mtundu wachiwiri m'tsogolo.

Kuchipatala amanena kuti munthu ali ndi matenda a shuga ngati magazi oyezedwa m'mawa asanadye kanthu asonyeza 7.0 mmol/L kapena kuposerapo, zomwe n'chimodzimodzi ndi 126 mg/dL. Muyeso wina wotchedwa HbA1c umasonyeza mmene shuga wakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ndipo ukafika pa 6.5 peresenti umasonyeza matendawa. Shuga akakhala wokwera kwa zaka zambiri amawononga timitsempha ta m'maso, ta mu impso ndi ta m'mapazi, ndipo amawonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko.

Mbiri ya chithandizo cha kadyedwe

Mankhwala asanapezeke, chakudya ndicho chinali chida chokhacho cholimbanirana ndi matendawa. Mu 1797, John Rollo, dokotala wa asilikali wochokera ku Scotland, anafalitsa lipoti la odwala amene anawapatsa nyama ndi mafuta kwambiri n'kuwachepetsera zakudya za ufa. Ku France, Apollinaire Bouchardat anaona kuti mzinda wa Paris utazingidwa ndi adani mu 1870 ndi 1871, chakudya n'kusowa, shuga wa mumkodzo wa odwala ena anachepa. Zimenezi zinamulimbikitsa kulangiza odwala kuti azidya pang'ono ndi kulimbitsa thupi. M'zaka za m'ma 1910, Frederick Allen wa ku America anayambitsa njira yopatsa odwala chakudya chochepa kwambiri moti ankangotsala mafupa okhaokha. Njirayi inkatalikitsa moyo kwa miyezi kapena zaka zochepa, koma odwala ena ankafa ndi njala.

Zinthu zinasintha mu 1921 pamene Frederick Banting ndi Charles Best anapeza njira yotengera insulini ku kapamba pa yunivesite ya Toronto ku Canada. Wodwala woyamba, mnyamata wa zaka 14 dzina lake Leonard Thompson, anabayidwa insulini mu Januwale 1922. Kuyambira pamenepo cholinga cha kadyedwe chinakhala kugwirizanitsa chakudya ndi mankhwala. Mu 1950 mabungwe a zaumoyo a ku America anatulutsa mindandanda yosonyeza zakudya zimene zingalowane m'malo chifukwa zili ndi sitachi wofanana. Mu 1981 David Jenkins ndi anzake, pa yunivesite ya Toronto yomweyo, anayambitsa muyeso wotchedwa glycemic index, umene umayerekezera liwiro limene zakudya zosiyanasiyana zimakwezera shuga m'magazi. Mu 1994 bungwe la American Diabetes Association linasiya kulimbikitsa ndondomeko imodzi ya odwala onse, n'kunena kuti kadyedwe kazikonzedwa molingana ndi munthu aliyense. Masiku ano akatswiri ambiri amavomereza kuti chakudya choyenera wodwala shuga n'chofanana kwambiri ndi chakudya chopatsa thanzi choyenera munthu wina aliyense.

Chifukwa chake nkhaniyi imakhudza banja lonse

Chifukwa choyamba n'chakuti wodwala nthawi zambiri si amene amaphika kapena kugula chakudya. M'mabanja ambiri amayi ndiwo amaphika, pamene ndalama yogulira ndiwo imachokera kwa abambo kapena kwa onse awiri. Ngati wodwala ndi bambo koma amene anamva malangizo kuchipatala ndi iye yekha, mphika susintha. Ngati wodwala ndi mayi, angathe kupitiriza kuphika zimene mwamuna wake ndi ana amakonda n'kumadya zomwezo. N'chifukwa chake azaumoyo amalimbikitsa kuti mwamuna ndi mkazi azipitira limodzi kukamva uphungu wa kadyedwe, ndipo ngati pakhomo pali wantchito kapena wachibale wophika, nayenso afotokozeredwe.

Chachiwiri, kuphika miphika iwiri kumadya nkhuni, makala, nthawi ndi ndalama. Kumachititsanso wodwalayo kudziona ngati wosalidwa, pomwe anzake akudya zina iye akuyang'ana. Mabanja amene amasintha mphika wa onse savutika kwambiri kupitiriza kusiyana ndi amene amaphikira wodwala payekha.

Chachitatu, anthu a m'nyumba imodzi amakhala ndi chiopsezo chofanana. Ana a munthu wodwala mtundu wachiwiri amatengera chiopsezocho kumtundu. Mwamuna ndi mkazi si apachibale, komabe amadya zofanana ndipo amakhala moyo wofanana. Akatswiri a pa yunivesite ya McGill ku Canada ataphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana, anafalitsa mu 2014 kuti munthu amene mnzake wa m'banja ali ndi mtundu wachiwiri amakhala ndi chiopsezo chokwera ndi 26 peresenti chodwalanso matendawa. Matendawa sapatsirana. Chimene anthu awiriwo amagawana ndi mbale ndi makhalidwe.

Pali umboni woti kusintha kadyedwe kumateteza. Kafukufuku wa Diabetes Prevention Program wa ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anasonyeza kuti anthu amene shuga wawo anali atayamba kukwera anachepetsa chiopsezo chodwala ndi 58 peresenti atasintha kadyedwe, kuchepetsa thupi ndi kumayenda mokwanira. Amene anapatsidwa mankhwala a metformin anachepetsa chiopsezocho ndi 31 peresenti.

Nsima ndi zakudya zina zokhutitsa

Unduna wa zaumoyo ku Malawi umagawa zakudya m'magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Gulu limene limakweza kwambiri shuga wa m'magazi ndi la zokhutitsa, lomwe muli nsima, phala, mpunga, buledi, mbatata, kachewere, chinangwa ndi nthochi zophika. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a ufa wa chimanga ndi sitachi. Choncho munthu angathe kusiya kuthira shuga mu tiyi koma shuga wake n'kumakwerabe chifukwa akudya mitanda itatu kapena inayi ya nsima pa nkhomaliro ndi pa mgonero.

Ufa wa chimanga ulipo wa mitundu itatu yodziwika. Mgaiwa ndi chimanga chogayidwa chonse osachotsa gaga. Gilamilu ndi chimanga chokonola n'kugaya osaviika. Ufa woyera umachokera ku mphale yoviikidwa m'madzi kwa masiku angapo, kenako n'kuyanika ndi kugaya. M'zipatala zambiri odwala amalangizidwa kudya mgaiwa chifukwa uli ndi faiba, mavitamini a gulu la B ndi michere ina imene imatayika pokonola ndi poviika. Faiba ndi mbali ya chakudya chochokera ku zomera imene thupi siligaya, ndipo WHO imalimbikitsa akuluakulu kudya magalamu osachepera 25 pa tsiku.

Komabe mgaiwa si mankhwala. Kafukufuku wa akatswiri a ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, wofalitsidwa mu 2016 ndipo wochitidwa pa anthu 11 athanzi, anapeza kuti nsima ya mgaiwa ndi ya gilamilu zinakweza shuga mofulumira, pomwe nsima ya ufa woviika inali pakatikati. Anthu oyezedwawo anali ochepa, koma zotsatirazo zikusonyeza kuti kungosintha mtundu wa ufa sikokwanira. Chofunika kwambiri ndi kukula kwa mtanda ndi kuchuluka kwa mitanda, komanso ndiwo zimene nsimayo yadyedwa nazo. Nsima yodyera nyemba ndi masamba ambiri imakweza shuga pang'onopang'ono kusiyana ndi nsima yambiri yodyera msuzi wokhawokha.

Mfundo yomweyi ikugwiranso ntchito pa kondowole wa chinangwa amene amadyedwa kwambiri ku Nkhata Bay ndi madera ena a m'mphepete mwa nyanja, pa mpunga wa ku Karonga, komanso pa nsima ya mapira, mawere ndi mchewere ya m'chigwa cha Shire ndi madera ena. Mabanja ena amasakaniza ufa wa chimanga ndi wa mapira, mawere kapena soya. Phala lamadzimadzi la ufa wosalala limagayika msanga, choncho limathandiza kulithira nsinjiro kapena ufa wa soya m'malo mwa shuga. Kuphatikiza zokhutitsa ziwiri pa chakudya chimodzi, monga mpunga ndi kachewere kapena tiyi wa shuga ndi buledi ndi mbatata, kumachulukitsa sitachi.

Ndiwo, mafuta ndi mchere

Masamba ndi gulu limene wodwala shuga angadye lambiri popanda kukweza shuga kwenikweni. M'gululi muli bonongwe, chisoso, nkhwani, khwanya, kholowa, chigwada, luni, therere, mpiru, repu, tchayinizi, kabichi ndi mabilinganya. M'chilimwe masamba akasowa, mfutso umalowa m'malo. WHO imalimbikitsa kudya magalamu osachepera 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku. Soda kapena chidulo chothira m'therere ndi m'masamba ena chimawononga mavitamini ena, choncho ndi bwino kuchichepetsa.

Nyemba, nandolo, khobwe, nzama ndi soya zili ndi sitachi, koma zilinso ndi faiba ndi zomanga thupi zambiri, motero zimakweza shuga pang'onopang'ono ndipo zimakhalitsa m'mimba. Usipa, utaka, matemba, chambo, mazira ndi nkhuku zilibe sitachi. Nyama ya mafuta ambiri, soseji ndi nyama zina zokonzedwa kufakitale zimafunika kuchepetsa chifukwa odwala shuga amakhala kale pa chiopsezo cha matenda a mtima.

Mafuta sakweza shuga mwachindunji, koma galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9 pomwe galamu ya sitachi imapereka 4. Tchipisi cha pachiwaya, mandasi, zitumbuwa ndi zibwente zimaphatikiza sitachi ndi mafuta ambiri, amene nthawi zina amakhala otenthetsedwa mobwerezabwereza. Njira zophikira monga kuwiritsa, kuotcha ndi kutendera zimachepetsa mafuta ogula. Mtedza, nsinjiro ndi mapeyala zili ndi mafuta abwino ku mtima, ngakhale kuti nazonso zimanenepetsa zikachuluka. Mabanja ena amayeza mafuta ndi supuni m'malo mongothira kuchokera m'botolo.

Mchere ndi wofunika kuusamala chifukwa matenda a shuga amayendera limodzi ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo ziwirizi zikaphatikizana zimawononga impso msanga. WHO imalimbikitsa kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, omwe ndi pafupifupi supuni imodzi yaing'ono. Muyesowu ukuphatikizapo mchere wa m'buledi, wa m'timibulu ndi m'maufa okometsera ndiwo, ndi wa mu nsomba zouma zothira mchere. Kuchotsa mbale ya mchere pamalo odyera ndi kukometsa ndiwo ndi anyezi, tomato, adyo, tsabola kapena mandimu kumathandiza banja kuzolowera. Odwala amene impso zawo zayamba kale kuvuta amapatsidwa malangizo apadera pa nyama, mchere ndi zipatso zina.

Shuga, zakumwa ndi zipatso

Mu 2015 WHO inalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa, kuphatikizapo uchi ndi madzi a zipatso, asafike gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zonse zimene munthu amapeza ku chakudya pa tsiku. Kwa munthu wamkulu amenewa ndi magalamu pafupifupi 50, kapena masupuni aang'ono 12, ndipo kuchepetsa mpaka theka la muyesowu n'kopindulitsa kwambiri. Malangizowa ndi a anthu onse. Munthu womwa makapu atatu a tiyi, iliyonse ya masupuni atatu, amakhala atatsala pang'ono kufika pa malirewo asanadye china chilichonse.

Zakumwa zotsekemera ndi zimene zimakweza shuga mofulumira kuposa zonse chifukwa sizifuna kugayidwa. Zoziziritsa kukhosi zambiri za m'mabotolo zimakhala ndi magalamu pafupifupi 10 a shuga pa mamililita 100 aliwonse. M'gulu lomweli muli Sobo ndi zakumwa zina zosungunula ndi madzi, mafirizesi, maheu ogula, ndiponso thobwa, lomwe lili ndi sitachi wa chimanga ndi chimera ngakhale lisanathiridwe shuga. Nzimbe ndi uchi zimakweza shuga ngati shuga wa m'paketi. Madzi ndiwo chakumwa choyenera, pamodzi ndi tiyi wopanda shuga. Mabanja ambiri amaona kuti n'kosavuta kuchepetsa supuni imodzi pakapita sabata kapena masabata awiri mpaka lilime litazolowera.

Zipatso siziletsedwa. Chipatso chathunthu chili ndi faiba imene imachedwetsa shuga kulowa m'magazi, pomwe madzi ofinya alibe. Magwafa, malalanje, manachesi, mapapaya, masau, masuku ndi malambe zingadyedwe pa muyeso wa chipatso chimodzi chapakatikati kapena dzanja limodzi pa nthawi. Vuto limabwera m'nyengo ya mango, kuyambira cha mu Novembala mpaka Januwale, pamene munthu angadye mango ambiri nthawi imodzi, komanso pa nthochi zakupsa kwambiri.

Mowa uli ndi zoopsa ziwiri. Masese ndi mowa wina wa chimera uli ndi sitachi wokweza shuga. Komanso mowa uliwonse, makamaka kachasu ndi mowa wina waukali, umalepheretsa chiwindi kutulutsa shuga wosungidwa, motero shuga angatsike kwambiri patapita maola angapo, nthawi zina munthu ali mtulo.

Kagawidwe ka chakudya ndi nthawi yodyera

Njira yosavuta imene aphungu a kadyedwe amaphunzitsa ndi ya mbale. Pa mbale yafulati ya masentimita pafupifupi 23 m'mimba mwake, theka limakhala masamba, gawo limodzi mwa anayi limakhala nyemba, nsomba, mazira kapena nyama, ndipo gawo lotsalalo limakhala nsima kapena chokhutitsa china. Zimenezi zikutembenuza kadyedwe kozolowereka, komwe nsima imadzaza mbale ndipo ndiwo zimangokhala zothandizira kumeza. Ena amayerekezera muyeso wa nsima ndi nkhonya ya wodyayo, koma muyeso weniweni umadalira msinkhu, ntchito ndi mankhwala. Mlimi wolima tsiku lonse amafunika chakudya chambiri kuposa munthu wa mu ofesi.

Kumene anthu amadyera mbale imodzi n'kovuta kudziwa kuti munthu wadya zochuluka bwanji. Mabanja ena amagawira aliyense mbale yake, kapena amaomola mitanda ing'onoing'ono ndi chipande chaching'ono kuti wodwala aziwerenga mosavuta. Kuyamba ndi masamba ndi ndiwo zina musanadye nsima yambiri kumathandizanso.

Nthawi yodyera ndi yofunika makamaka kwa omwa glibenclamide ndi obaya insulini, chifukwa mankhwalawa amapitiriza kutsitsa shuga ngakhale munthu asanadye. Kudya katatu pa tsiku pa nthawi zofanana n'kwabwino kusiyana ndi kukhala ndi njala tsiku lonse n'kudzadya kwambiri usiku. Kuyenda pang'ono mukatha kudya kumachepetsa kukwera kwa shuga, ndipo WHO imalimbikitsa akuluakulu kulimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kulima, kutunga madzi ndi kupalasa njinga zimawerengedwa.

Kutsika kwa shuga

Banja likasintha kadyedwe, makamaka likachepetsa nsima mwadzidzidzi pomwe mankhwala sanasinthe, shuga wa wodwala angatsike kwambiri. Shuga amatengedwa kuti watsika akafika pansi pa 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dL. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta, njala yadzaoneni, mtima kugunda kwambiri, chizungulire, kukwiya msanga ndi kusokonezeka mutu. Munthu angaoneke ngati waledzera. Metformin payekha sakonda kuyambitsa vutoli, koma insulini ndi glibenclamide zimatero.

Nthawi imeneyi ndi imene shuga amakhala mankhwala. Wodwala amene akutha kumeza amapatsidwa magalamu pafupifupi 15 a shuga, monga masupuni aang'ono atatu kapena anayi osungunula m'madzi, kapena theka la kapu ya chakumwa chotsekemera. Pakapita mphindi 15 ngati sanapeze bwino amapatsidwanso, ndipo akatsitsimuka amadya chakudya chenicheni. Munthu amene wakomoka samwetsedwa kapena kudyetsedwa kanthu chifukwa angatsamwe. Amagonekedwa chammbali n'kuthamangira naye kuchipatala. Pa chifukwa chimenechi banja silichotseratu shuga m'nyumba, ndipo aliyense, ngakhale ana okulirapo, amayenera kudziwa pamene wasungidwa ndi mmene angamugwiritsire ntchito.

Ana, amayi oyembekezera ndi okalamba

Kusintha mphika wa banja sikutanthauza kuti onse azidya muyeso wofanana. Ana amafunika mphamvu zokwanira kuti akule, ndipo ku Malawi kupinimbira kwa ana osakwana zaka zisanu kudakali vuto lalikulu. Ana amapindula ndi masamba, nyemba, nsomba, mazira ndi kuchepetsa zotsekemera, koma nsima, phala ndi mafuta awo siziyenera kuchepetsedwa potsatira muyeso wa wodwala. Chimodzimodzinso amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, odwala chifuwa chachikulu ndi okalamba ofooka. Shuga wogulitsidwa ku Malawi amathiridwa vitamini A, choncho banja likamuchepetsa limafunika kupeza vitaminiyu ku masamba obiriwira, maungu, mapapaya, mango, mazira ndi mbatata yofiira mkati.

Kuchepetsa thupi n'kothandiza kwa odwala onenepa. Kafukufuku wa DiRECT wa ku Britain, wotsogoleredwa ndi Mike Lean ndi Roy Taylor, anasonyeza mu 2017 kuti odwala 46 mwa 100 aliwonse amene anatsatira ndondomeko yochepetsa thupi moyang'aniridwa ndi azaumoyo anali ndi shuga wabwino popanda mankhwala patatha chaka. Koma odwala ambiri a mu Africa muno sakhala onenepa, ndipo ena amapezeka ndi matendawa ataonda kale. Kwa oterewa cholinga chimakhala kudya mokwanira ndi mwadongosolo.

Zovuta zimene mabanja amakumana nazo

Vuto loyamba ndi ndalama ndi nyengo. Ufa ndi umene umakhutitsa pa mtengo wotsika, pomwe nsomba, mazira ndi zipatso zimadula. Kumudzi, kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi, nkhokwe zimakhala zitatha ndipo mabanja ena amadya kamodzi pa tsiku, zomwe n'zoopsa kwa womwa mankhwala otsitsa shuga. Wodwala wotere amayenera kuuza adokotala za vutoli kuti aone ngati muyeso wa mankhwala ungasinthe. Dimba la masamba pakhomo, kufutsa ndiwo, kusunga nyemba ndi nandolo pokolola ndi kuweta nkhuku ndi njira zotsika mtengo.

Vuto lachiwiri ndi chikhalidwe. Anthu ambiri amaona kuti sanadye ngati sanadye nsima, ndipo mkazi wopatsa mwamuna wake mtanda umodzi angathe kunenedwa ndi apongozi kapena alamu ake kuti akumumana. Kukana chakudya kapena chakumwa kwa eni khomo kumaoneka ngati mwano. Pa ukwati, pa chinkhoswe, pa maliro ndi pa misonkhano pamakhala mpunga, nsima, thobwa ndi zoziziritsa kukhosi. Kufotokozera achibale za matendawa kumachepetsa kukayikirana kotere. Kunenepa kumatengedwanso ngati chizindikiro cha mtendere ndi banja labwino, pomwe kuonda kumachititsa anthu kuganizira munthu kuti ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo ena amaopa kuchepetsa thupi chifukwa cha miseche.

Vuto lachitatu ndi ubale wa awiriwo. Mwamuna kapena mkazi amene amangokhalira kulondalonda ndi kudzudzula mnzake pa chilichonse chimene wadya angachititse kuti wodwalayo azidya mobisa. Thandizo limene limapindula ndi kudya zofanana, kuyendera limodzi, kukumbutsana za mankhwala ndi kusasunga m'nyumba zinthu zimene zingamuyese wodwalayo.

Vuto lachinayi ndi kusala kudya pa zifukwa za chipembedzo, monga m'mwezi wa Ramadan pakati pa Asilamu ndi m'masiku a mapemphero pakati pa Akhristu. Chisilamu chimalola odwala kusasala. Amene akufuna kusala amalangizidwa kukaonana ndi adokotala nthawi isanakwane kuti muyeso ndi nthawi ya mankhwala zikonzedwe, ndiponso kumasula msanga akaona zizindikiro za kutsika kwa shuga.

Zikhulupiriro zolakwika

Anthu ena amakhulupirira kuti zakudya zowawa kapena zowawasa, monga madzi a nimu, mandimu ndi khonje, zimachotsa shuga m'magazi. Palibe chakudya kapena chitsamba chimene chatsimikizidwa kuti chimachiza matenda a shuga, ndipo kusiya mankhwala chifukwa cha zimenezi kungaphe munthu, makamaka wodalira insulini. Ena amaganiza kuti shuga wabulawuni ndi uchi n'zosaopsa, kapena kuti mgaiwa ndi buledi wabulawuni zingadyedwe mopanda malire. Palinso oganiza kuti matendawa ndi a anthu olemera okha, pomwe amapezeka m'tauni ndi kumudzi komwe, kapena kuti amabwera chifukwa cholodzedwa.

Chithandizo ndi maphunziro

Ku Malawi odwala shuga amathandizidwa m'zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, komanso m'zipatala za m'maboma ndi za mishoni, zomwe zambiri zili ndi masiku apadera a matenda okhalitsa. Mankhwala ofala ndi metformin, glibenclamide ndi insulini. M'boma la Neno, unduna wa zaumoyo mogwirizana ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo unakhazikitsa ndondomeko yothandizira pamalo amodzi odwala shuga, kuthamanga kwa magazi, HIV ndi matenda ena okhalitsa. Bungwe la Diabetes Association of Malawi limaphunzitsa odwala ndi mabanja awo. Tsiku lokumbukira matenda a shuga padziko lonse limachitika pa 14 Novembala, tsiku lobadwa la Frederick Banting. Linakhazikitsidwa mu 1991 ndi bungwe la International Diabetes Federation pamodzi ndi WHO, ndipo bungwe la United Nations linalivomereza mu 2006.